Magazi a mwana wa mbewa amachokera kuti mafupa asanamere?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wa Biology pa sukulu ina ya sekondale yoyendera ku Bembeke, m'boma la Dedza. Alemba kuti: "Ndinkaphunzitsa Fomu 3 kuti magazi amapangidwa m'mafuta a m'mafupa. Mnyamata wina anakweza dzanja n'kunena kuti pa holide anakumba mbewa ya bere, ndipo atayitumbula anapeza tiana 8 tondondozana ngati mikanda, tofewa, topanda fupa lolimba ngakhale limodzi, koma kalikonse kali ndi banga lofiira pamimba. Anafunsa kuti, ngati mafupa palibe, magaziwo apangidwa kuti? Ndinamuyankha kuti ndi a mayi ake, koma mtima wanga sunakhazikike. Zoona zake n'zotani?"

Aphunzitsi, mtima wanu unalondola pokana kukhazikika, ndipo mnyamatayo mukamuuze kuti ali ndi maso abwino. Magazi amene anawaonawo si a mayi. Tianato tinapanga tokha. Banga lofiira la pamimba lija ndi chiwindi, ndipo pa msinkhu umenewo chiwindi ndicho chimagwira ntchito imene mafuta a m'mafupa adzaigwire pambuyo pake. Buku lanu silinaname, langokamba za nyama yobadwa kale. Koma nkhaniyi siyambira pa chiwindi. Pofika pamenepo zambiri zimakhala zitachitika kale m'malo ena awiri, ndipo amodzi mwa malowo mabuku a sukulu sawatchula n'komwe.

Tithane kaye ndi za mayi, poti yankho limeneli ambiri timalipereka. Magazi a mayi ndi a mwana amayandikana kwambiri mu nsengwa, koma pakati pawo pali khoma lopyapyala la maselo. Pakhomapo pamadutsa okosijeni, shuga, ayironi, mavitamini ndi zoteteza mwana ku matenda, ndipo zoipa za m'thupi la mwana zimadutsa kubwerera kwa mayi. Maselo a magazi eni akewo sadutsa, kupatula owerengeka ozemba. Umboni umene ana a sukulu amaugwira msanga ndi gulu la magazi. Mayi wa gulu O amatha kubereka mwana wa gulu A kapena B, ndipo mwanayo amakhala ndi gulu lakelo akadali m'mimba. Mayi amapereka zipangizo, woumba ndi mwana. Mapiritsi a ayironi ndi folic acid amene amayi amalandira ku sikelo amadyetsa anthu awiri amene akupanga magazi nthawi imodzi, aliyense ake.

Mbewa imene timaphunzirira mu labotale ndi Mus musculus, kambewa ka m'nyumba, ndipo bere lake limatenga masiku 19 mpaka 21. Ya mnyamata wanu iyenera kuti inali Mastomys, ija yofala m'minda yathu, ya mabere ambiri, imene imatenga masiku pafupifupi 23. Dongosolo n'limodzi m'nyama zonse zoyamwitsa, masiku ndiwo amasiyana. Powerenga masiku timatere: madzulo timaika yaikazi m'khola la yaimuna, m'mawa tikapeza chizindikiro choti zakwerana, tsiku limenelo timalitcha 0.5. Muona theka limeneli likubwerabwera.

Ine ndinakulira kufupi ndi Lizulu, ndipo mbewa ndinazikumba, kuziwiritsa ndi mchere n'kuziyanika monga anyamata onse a kumeneko chimanga chikachoka m'munda. Tiana ta m'mimba tinkangotaya pamodzi ndi matumbo. Patapita zaka ndinakhala pa maikulosikopu, tizitsulo tiwiri tosongoka ngati singano tili m'manja, ndikusenda chiberekero cha mbewa ya masiku 10.5. Kamluza kanatuluka kali kokutidwa m'kathumba koonekera mkati, kolukanalukana mitsempha yofiira ngati ukonde. Nditang'amba kathumbako ndinaona kanthu kopindika ngati mbedza, kofanana ndi njere ya mpunga kukula kwake, koyera mbee, kamtima kake kali phaphapha, ndipo pa kugunda kulikonse kamzere kofiira kakusuntha. Chiwindi chinali chisanafiire. Fupa n'kutali. Koma magazi anali akuyenda.

Kathumba kameneko ndiko chiyambi. Pa tsiku la 7 kamluza ka mbewa sikaposa njere ya mpiru. Kalibe mtima, ndipo chakudya ndi mpweya zimangolowerera kuchokera ku chiberekero monga mchere umalowerera m'ndiwo. Njira imeneyi imathandiza pa kanthu kakang'ono basi. Kamluza kakangonenepa pang'ono, maselo a pakati amayamba kubanika. Choncho magazi ndi mitsempha ziyenera kukhalapo ziwalo zina zonse zisanayambe. Pakati pa tsiku la 7 ndi 7.5, m'khoma la kathumba kaja, kamene dzina lake ndi yolk sac, maselo amaunjikana n'kupanga lamba wozungulira. A pakati amayamba kufiira, a m'mphepete amaphwatalala n'kukhala khoma la mtsempha. Timagulu timeneti azasayansi anatitcha zilumba za magazi. Dzina la kathumbako linachokera ku dzira la mbalame, kumene kamakuta chachikasu chija cha m'dzira. Mbewa ilibe chachikasucho, koma kathumba kanatsala pamodzi ndi ntchito yake. Mtima umayamba kugunda cha pa tsiku la 8.25, ndipo posakhalitsa maselo ofiira a m'kathumba amakokedwa kulowa m'thupi la mluza.

Magazi oyambawa ndi a changu. Maselo ake ndi akuluakulu kangapo kuposa a mbewa yaikulu, amalowa m'mitsempha akadali ndi nyukiliyasi ngati maselo ofiira a nkhuku, ndipo himogulobini yake, chinthu chofiira chija chonyamula okosijeni, ndi ya mtundu wina, yogwira okosijeni mwamphamvu kuti izitha kumulanda kwa mayi. Kwa zaka zambiri ankati maselowa sataya nyukiliyasi mpaka kufa, koma mu 2004 gulu la James Palis ku Rochester, m'dziko la America, linaonetsa kuti amataya ali paulendo m'mitsempha, pakati pa tsiku la 12.5 ndi 16.5. Chofunika kwambiri n'chakuti amapangidwa kamodzi kokha, m'masiku awiri, kenako gwero lawo limauma. Mbewa ikabadwa, patapita masiku ochepa onse amakhala atatha. Ine ndimawayerekeza ndi maungu a mu February. Amapulumutsa banja chimanga chisanache, popanda iwo wina sangafike pa nthawi yokolola, koma palibe amene amadzaza nkhokwe ndi maungu. Mluza umene wachotsedwa jini (kachidutswa ka malangizo obadwa nawo a m'selo) yotchedwa Scl supanga maselowa ngakhale limodzi, ndipo umafa cha pa tsiku la 9.5 uli woyera.

Kathumba komweko kamatulutsanso gulu lachiwiri kuyambira pa tsiku la 8.25. Awa ndi maselo osakhwima amene angathe kubala maselo ofiira a mtundu wa nyama yaikulu ndi maselo oyera ena. Amayenda ndi magazi n'kukakhala alendo oyamba m'chiwindi, ndipo ndiwo amanyamula mluza mpaka kufupi ndi kubadwa. Nawonso amatha. Koma kathumbako kali ndi ana ena amene satha, ndipo awa amandichititsa chidwi mpaka lero. Maselo odya zonyansa, otchedwa macrophage, obadwira m'kathumba, amalowa mu ubongo cha pa tsiku la 9.5, n'kukhazikika mmenemo moyo wonse, akumadzichulukitsa okha popanda kudalira mafupa. Mu ubongo amatchedwa microglia. Florent Ginhoux ndi Miriam Merad ndiwo anatsimikiza zimenezi mu 2010. Mbewa yokalamba imayenda ndi zidzukulu za kathumba kamene kanatayidwa tsiku lobadwa.

Tsopano funso lenileni ndi la mbewu. Selo lofiira la mbewa limakhala masiku pafupifupi 40, la munthu masiku 120, ndipo thupi la munthu wamkulu limapanga maselo ofiira oposa 2 miliyoni pa sekondi iliyonse. Kuti zimenezi zitheke kwa moyo wonse, payenera kukhala selo limene likagawikana limabala mitundu yonse ya maselo a magazi, koma n'kudzisiyanso lokha losatha. Azasayansi amalitcha stem cell. Ine pano ndizilitcha mbewu ya magazi, chifukwa limafanana ndi zitsononkho zosankhidwa zija zimene agogo ankapachika kudenga la khitchini, zosakhudzidwa ngakhale njala ivute. Mbewuyi siidziwika ndi maonekedwe. Imadziwika ndi ntchito, ndipo muyeso wake unayambira kwa James Till ndi Ernest McCulloch ku Toronto mu 1961. Umatenga mbewa yaikulu n'kuiwomba ndi cheza champhamvu mpaka mafuta a m'mafupa ake afe. Mbewa yotere singathe milungu iwiri. Kenako umaibaya maselo amene ukufuna kuwayesa. Ikapulumuka, ndipo patapita miyezi 4 kapena kuposa magazi ake a mitundu yonse akuchokera ku maselo obayidwawo, ndiye kuti munali mbewu. Maselo a m'kathumba a tsiku la 8 kapena 9 amalephera mayeso amenewa.

Mu 1970 Malcolm Moore ndi Donald Metcalf ku Melbourne analera miluza ya mbewa ya masiku 7 m'mbale, ina ndi kathumba kake, ina atachotsa. Yochotsedwayo sinapange magazi. Iwo anagamula kuti mbewu yonse imabadwira m'kathumba, n'kusamukira ku chiwindi, kenako ku mafupa. Zinamveka bwino, zinalowa m'mabuku, ndipo ambiri akuphunzitsabe chonchi. Amene anagwedeza chiphunzitsochi ndi mayi wina wa ku France, Françoise Dieterlen-Lièvre, ndipo anagwiritsa ntchito mbalame ziwiri zimene ana anu amazidziwa bwino, nkhuku ndi zinziri. Nicole Le Douarin anali atapeza kale kuti selo la zinziri limasiyanitsika ndi la nkhuku pa maikulosikopu chifukwa cha kadontho kakuda ka m'nyukiliyasi yake. Mu 1975 Dieterlen-Lièvre anadula kamluza ka nkhuku m'dzira mtima usanayambe kupopa, n'kusiya kathumba, ndipo pamalopo anasokererapo kamluza ka zinziri. Thupi la zinziri, kathumba ka nkhuku. Masiku oyambirira magazi anali a nkhuku. Koma atayang'ana ziwalo zopanga magazi patapita masiku, anapeza maselo a zinziri. Mbewu inachokera m'thupi mwenimweni mwa mluza.

Ena anati zimenezo ndi za mbalame. Panatenga zaka pafupifupi 20 kuti zioneke mu mbewa. Elaine Dzierzak ndi Alexander Medvinsky, akugwira ntchito ku Mill Hill mumzinda wa London, anadula miluza ya masiku 10 ndi 11 m'zidutswa n'kuyesa chidutswa chilichonse ndi muyeso uja wa mbewa yowombedwa ndi cheza. Mu 1994 gulu lawo linapeza mbewu yoyamba m'kachigawo ka kumsana kumene mtsempha waukulu wa aorta umadutsa pakati pa impso zoyambirira ndi poyambira ziwalo zoberekera. Kachigawoka kamatchedwa AGM potengera zilembo zoyamba za mayina a Chingerezi a zinthu zitatuzo. Panali potsutsa pamodzi: bwanji ngati mbewuyo inangobwera ndi magazi kuchokera kwina? Ndiye mu 1996 analera chidutswa chilichonse pachokha m'mbale kwa masiku awiri kapena atatu, chopanda kulumikizana ndi china. Cha AGM cha tsiku la 10 chinabala mbewu chokha. Kathumba ndi chiwindi za tsiku lomwelo sizinabale.

Pano ndi pamene ndimafuna kuti muchedwepo ndi ana anu, chifukwa ndi pamtima pa nkhani yonse. Ukadula aorta wa mluza wa masiku 10.5 mopingasa, umaona bwalo lozunguliridwa ndi maselo ophwatalala, oyalana bwino ngati njerwa za pansi. Koma kumbali yoyang'ana kumimba kumakhala timagulu ta maselo obulungira, tolendewera mkati mwa mtsempha ngati zipatso za mkuyu pa thunthu. Anthu anationa kalekale, Florence Sabin anafotokoza zofanana nazo m'mazira a nkhuku cha m'ma 1917 mpaka 1920, koma panalibe amene akanatsimikiza ngati maselowo amera pakhomapo kapena angokakamira akudutsa. Mu 2010 magulu atatu anajambula kanema wa zimene zimachitika, awiri pa kansomba koonekera mkati kotchedwa zebrafish, limodzi, la Catherine Robin ku Rotterdam, pa mbewa. Pa kanemayo selo la khoma la mtsempha, lophwatalala ngati anzake, limayamba kutukumuka, limapinda, limabulungira, n'kuchoka pamzere lili selo la magazi. Mtsempha umabala zimene uti uzinyamule. Nditaonera kanemayo koyamba ndinabwereza kasanu, ndipo mpaka pano ndikamuonetsa ophunzira m'kalasi mumakhala zii.

Kusandulikaku kuli ndi kiyi wake, jini yotchedwa Runx1, imene inadziwika koyamba chifukwa imapezeka yothyoka mwa odwala ena a khansa ya m'magazi. Mu 1996 magulu a James Downing ndi Nancy Speck anapanga mbewa zopanda jini imeneyi. Miluza yake imapanga magazi oyamba aja bwinobwino, mtima umagunda, koma timagulu ta m'mtsempha sitimera, chiwindi chimakhala chopanda alendo, ndipo cha pa tsiku la 12.5 imafa. Maungu analipo, mbewu panalibe. Pambuyo pake gulu la Speck linaonetsa kuti jiniyi imafunika pa nthawi yeniyeni ya kusandulikako, selo likadali pakhoma. Kuthamanga kwa magazi nakonso kumathandiza. Mu 2009 kunaoneka kuti kukhula kwa magazi pakhoma la mtsempha kumadzutsa Runx1, moti mtima ukapanda kugunda bwino kusandulikako kumafooka. Magazi a changu aja, poyenda m'mitsempha, amathandiza kudzutsa amene adzawalowe m'malo.

Timaguluti timakhala ndi maselo mazana angapo, koma ukawayesa pa tsiku la 11 umapeza mbewu yokhwima imodzi kapena ziwiri pa mluza wonse. Ambiri amakhala akadali osakhwima. Ndipo aorta si yekha. Mitsempha ikuluikulu ya mumchombo ndi yopita ku kathumba imachitanso chimodzimodzi, ndipo mu 2005 magulu awiri anapeza kuti nsengwa imasunga mbewu yochuluka pa masiku 11 mpaka 13. Alipo akatswiri amene akugwirabe kuti kathumba kamaperekako gawo la mbewu ya moyo wonse. Mmene ine ndimaonera umboni wonse, kulemera kwake kuli kumbali ya mitsempha ikuluikulu ya mluza. Chimene ndimakana ndi tebulo lija la m'mabuku lakuti kathumba, chiwindi, mafupa, ngati kuti ndi banja limodzi likusamukasamuka ndi katundu wake. Ndi mabanja osiyana, obadwa nthawi zosiyana, ndipo lomaliza kubadwa ndilo limatsala.

Tifike ku banga la mnyamata wanu. Chiwindi chimamera kuchokera ku matumbo oyambirira cha pa tsiku la 9, ndipo pachokha sichibala selo la magazi ngakhale limodzi. Chili ngati nazale ya fodya kapena ya tomato ku dimba: dothi lofewa, madzi pafupi, koma mbewu imachokera kwina. Gulu lachiwiri la m'kathumba limafika kuyambira pa tsiku la 10, mbewu yeniyeni imatsatira pa 11.5 mpaka 12. Pofika pa 12.5 chiwindi chimakhala chafiira moti chimaonekera kunja kwa khungu, ndipo pa 14.5, mluza uli ngati nyemba kukula kwake, maselo ambiri a m'chiwindi amakhala a magazi, eni malo ali ochepa. Ndikuganiza kuti tiana ta mnyamatayo tinali pa msinkhu woterewu. Ukafinya chiwindi chotere pa galasi, umapeza timagulu tokongola: macrophage mmodzi pakati, maselo ofiira osakhwima atamuzungulira ngati ana a sukulu ya mkaka pa mphika wa phala. Selo lililonse likakhwima limalavula nyukiliyasi yake, macrophage n'kuimeza, ndipo selolo limalowa m'mitsempha lili laling'ono, lopanda nyukiliyasi, ngati la mbewa yaikulu. Chimene chimalamula kuchuluka kwa maselowa ndi homoni yotchedwa erythropoietin. Mwa mluza imapangidwa m'chiwindi momwemo, mwa wamkulu imapangidwa mu impso, n'chifukwa chake odwala impso amasowa magazi. Mluza wa mbewa wopanda homoniyi umafa cha pa tsiku la 13.

M'chiwindi momwemo mbewu imachuluka. Hideo Ema ndi Hiromitsu Nakauchi ku Japan anayeza mu 2000 n'kupeza kuti mphamvu yopulumutsa mbewa yowombedwa imawirikiza ka 38 pakati pa tsiku la 12 ndi 16. Kafukufuku wa zaka za posachedwapa, wopaka maselo mitundu yowala ali m'thupi momwemo, akusonyeza kuti mbali yaikulu ya kukweraku ndi kukhwima kwa maselo amene anafika osakhwima kuchokera ku mitsempha. Mulimonsemo, chiwindi cha mluza chimachita chinthu chimene madokotala akhala akuchifunafuna kwa zaka zambiri, kuchulukitsa mbewu ya magazi popanda kuitayitsa mphamvu.

Ziwalo zina ziwiri zimalandira alendo nthawi yomweyi. Thymus ndi kachiwalo koyera kamene kamakhala pamwamba pa mtima, kuseri kwa fupa la pachifuwa. Imamera kuchokera ku khosi la mluza, ndipo maselo oyamba amafikamo cha pa tsiku la 11.5. Ndi sukulu ya maselo oyera otchedwa T, kuphatikizapo a CD4 amene ana anu anawamvapo ku chipatala. Mmenemo amaphunzira kusiyanitsa thupi lawo ndi mdani, ndipo ambiri olephera amaphedwa. Jacques Miller ndiye anaulula ntchitoyi mu 1961 pochotsa thymus mwa mbewa zongobadwa, ndipo mu 1962 ku Glasgow kunabadwa mbewa yopanda ubweya imene pambuyo pake inapezeka kuti ilibenso thymus, chifukwa cha jini imodzi, Foxn1. Kapamba, yemwe uja amatupa mwana akamadwala malungo pafupipafupi, amayamba kupanga magazi cha pa tsiku la 15.5. Mwa mbewa sasiya ngakhale itakula, makamaka ikataya magazi. Mwa munthu amasiya, ndipo kutupa kwa malungo kuja kumachokera makamaka ku ntchito yosefa maselo owonongeka. Komabe mafuta a m'mafupa akalephereratu, chiwindi ndi kapamba wa munthu wamkulu zimatha kukumbukira ntchito yakale n'kuyambiranso.

Mafupa ndiwo otsiriza. Poyamba amakhala chicherewecherewe chokhachokha, chopanda mphako. Cha pa tsiku la 15 mitsempha imaboola pakati pa mafupa aatali, chicherewecherewe chimadyeka, mphako imatseguka. Mbewu imayamba kupezekamo cha pa 17.5, kutatsala masiku awiri kuti mbewa ibadwe. Siimangogweramo. Maselo a m'mphakomo amatulutsa chinthu chotchedwa CXCL12 chimene mbewu imachilondola ngati fungo, ndipo Takashi Nagasawa anaonetsa mu 1996 kuti miluza yopanda chinthuchi imakhala ndi chiwindi chodzaza koma mafupa pafupifupi opanda kanthu. Mbewa ikabadwa, mbewu imapitiriza kugawikana kwa milungu 3, ndipo pofika sabata yachinayi yambiri imagona, n'kumadzuka mwa apo ndi apo. Kugona kumeneku ndiko kumaisunga mpaka ukalamba. Pamenepa ndi pamene buku la Fomu 3 limayambira.

Mwa munthu njira ndi yomweyi, yongotambasuka. Zilumba za magazi zimaoneka sabata yachitatu mayi atangotenga pakati, nthawi imene ambiri angoyamba kumene kukayikira. Timagulu ta mu aorta timamera pakati pa tsiku la 27 ndi 40. Chiwindi chimatenga ntchito kuyambira cha m'sabata ya 6, mafupa amayamba cha m'sabata ya 11 ndipo amalamulira m'miyezi yomaliza. Pa nthawi yobadwa mbewu ina imakhala ikadali paulendo m'mitsempha, n'chifukwa chake magazi a mumchombo amatha kuchiritsa. Eliane Gluckman anachita zimenezi koyamba ku Paris mu 1988 pa mwana wodwala matenda otchedwa Fanconi.

Pali kusiyana kumodzi kumene kumatikhudza kwambiri kuno kwathu. Mwana wa munthu ali m'mimba amakhala ndi himogulobini yakeyake, HbF, imene imachepa pang'onopang'ono m'miyezi yoyamba atabadwa. Mbewa ilibe mtundu umenewu. Mwana wobadwa ndi matenda a magazi otchedwa sickle cell amaoneka bwinobwino poyamba chifukwa HbF imamuteteza. Ikachepa, cha pa miyezi 4 mpaka 6, ndi pamene manja ndi mapazi amayamba kutupa, mwana n'kumalira osatonthola. Mayi asaganize kuti walakwitsa kanthu pa kaleredwe, kapena kuti wina wachita chipongwe pa mwana amene anabadwa wathanzi. Matendawo analimo, chishango ndicho chachoka. Mankhwala a hydroxyurea amathandiza mwa zina pokweza HbF, ndipo chithandizo chosintha jini chimene Britain ndi America anachivomereza kumapeto kwa 2023 chimatsegulanso himogulobini ya m'mimbayi. Kuti aphunzire zimenezi, ofufuza anachita kuika majini a himogulobini ya munthu mu mbewa. Khansa ya m'magazi ya ana ambiri nayonso imayambira m'mimba, pa nthawi imene maselo akuchulukana mothamanga. Mel Greaves wa ku London anasonyeza izi pofufuza mapasa ndi timadontho ta magazi totengedwa kwa makanda tsiku lobadwa, mmene cholakwika choyamba chinapezeka zaka zingapo matenda asanaoneke.

Za kalasi yanu, Aphunzitsi, simukusowa labotale. Pemphani mwana mmodzi abweretse mazira awiri a nkhuku ya tambala amene make wawafungatira masiku atatu, atawakulunga m'nsalu. Muswe limodzi mosamala m'mbale ya madzi ofunda othira mchere pang'ono, chachikasu chisaphulike. Pamwamba pake muona bwalo lofiira lokula ngati ndalama yachitsulo, mitsempha itatambalala ngati mizu, ndipo pakati kadontho kakugunda. Bwalolo ndi yolk sac ndi magazi ake oyamba, ndipo m'dziramo mulibe fupa, mulibenso mayi woti n'kubwereka magazi. Galasi lokulitsa zinthu la m'manja likwanira. Kuzizira kwa ku Bembeke kumaimitsa kamtimako msanga, choncho mbaleyo muikhazike pamwamba pa beseni la madzi otentherapo, ndipo mnyamata uja akhale woyamba kusuzumira.